Amayi anga ankati achira BP

Amayi anga anasiya kumwa mankhwala a BP chifukwa ankati achira. Mutu sunkawawa, kumunda ankapita, ku Mvano Lachinayi sankajomba. Timapiritsi tija tinangokhala pawindo m'kapepala kake. Ine ndinkaona, koma ndinakhala chete poopa kuoneka ngati ndikulamula kholo. M'mawa wina kapu ya tiyi inawapulumuka m'dzanja, pakamwa panapotokera mbali imodzi, mawu osamvekanso. Achibale ena anali atayamba kale kunong'onezana za ufiti. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko.

Abale anga, kuthamanga kwa magazi, komwe timati BP, sikumveka m'thupi. Ambirife timadikira mutu wa kunkhongo, chizungulire kapena kamfuno kuti tikayezetse, chonsecho munthu amatha zaka BP ili pamwamba iye akuseka bwinobwino, uku mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo zikuwonongeka. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Kuyezetsa kwake ndi kalamba kaja amakukulunga pamkono, kamafinya pang'ono, basi. BP ikamasewera cha pa 120/80 zili bwino. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana, ndiye kuti yakwera. Ndipo mankhwala ake si a malungo oti umamaliza m'masiku atatu. Ukamamva bwino ndiye kuti akugwira ntchito, usawasiye popanda dokotala.

Zamchere zokha zimandiwawa, poti mchere wambiri umakweza BP. WHO imati tisafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi. Ife ndiwo tathira kale mumphika, pa mbale tiwazanso tisanalawe, madzulo tchipisi cha pachiwaya chamchere wambiri.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira kuti kuche: pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, kulankhula mosamveka, maso kuchita mdima, chifuwa kuwawa, kubanika. Mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa kwambiri, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Amayi pano amayenda ndi ndodo, mwendo wamanja amaukoka. Lamulungu lililonse ndimakhala nawo pakhonde kuwerenga mapiritsi a sabata yonse, ndipo akati “lero ndili bwino mwanangu,” ndimawapatsabe madzi kuti amwere.