Dzina pa botolo ndi lawo, msana ndi wanga

Ndatopa nawo mawu akuti "pano tonse ndife banja limodzi." Anzanga amene mukugwira maganyu kuno ku Joni mukuwadziwa bwino, amatuluka pakamwa pa bwana tsiku limene wafunsa za ndalama.

Ine ndimagwira ntchito pa kadepoti ka vinyo kuno ku Johannesburg. Eni ake ndi banja lina la ku Western Cape, famu yawo ndi yaing'ono ndithu: bambo amayang'anira munda wa mphesa, mwana wawo wamkazi ndiye amapanga vinyo, wamwamuna ali kuno kugulitsa. Thiraki ikafika kuchokera ku Cape, itayenda makilomita oposa 1,000 mumsewu wa N1, wotsitsa ndine. Wokweza makatoni pamasitepe a malesitilanti a ku Rosebank ndi Parkhurst ndine. Loweruka makasitomala akabwera kudzalawa, wothira m'matambula ndi kutsuka ndi ine ndemwe.

Vinyoyo sindingamunyoze, ndi wabwino zedi. Chenin Blanc wawo amachokera ku mitengo yakale imene imabereka pang'ono koma mphesa zake zokoma kwambiri. Ali ndi Pinotage amene amagonekedwa m'migolo ya mtengo kupitirira chaka asanalowe m'botolo. Ndinaphunzira mpaka kufotokozera alendo kuti Pinotage ndi mphesa ya konkuno, anaipanga Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Ndikamafotokoza anthu amagula. Ntchitoyi ndimaikonda, n'chifukwa chake zikundiwawa chonchi.

Disembala yapitayi tinkayembekeza bonasi. Mayi anga ku Ntcheu anali atandiimbira kale, mvula yagwa, chimanga chamera, feteleza palibe. Bwana wamng'ono anabwera akumwetulira, natipatsa aliyense makatoni a vinyo, ati ndi mphatso yochokera kubanja. Vinyo ndingamutumize pa Mukuru? Mwini nyumba ku Cosmo City angalandire Pinotage m'malo mwa lendi? Kugulitsa mowa wopanda laisensi ndi mlandu, ndipo kwa ine mlendo mlandu umathera ku Lindela, kumene amasunga alendo asanawabweze kwawo.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti iwo mbiri ya kwawo akuidziwa. M'mafamu a ku Cape kunali mchitidwe wa dop, wolipira antchito ndi vinyo. Unaletsedwa mu 1960 koma m'mafamu ena unapitirira zaka zambiri, n'kusiya midzi ya zidakwa ndi ana obadwa ovulala ubongo chifukwa cha mowa. Mu 2012 antchito a ku De Doorns anatseka N1, akulandira R69 patsiku, akufuna R150. Boma linakweza kufika R105 mu 2013, anthu ena atafa kale. Lero munthu wophunzira, wodziwa zonsezi, akundipatsa botolo m'malo mwa ndalama?

Msuweni wanga amathyola mphesa cha ku Robertson. Kuyambira Januwale mpaka Malichi amalowa m'munda kusanache, kuthawa dzuwa, amalipidwa powerenga makileti. Amene amam'lemba si mwini famu, ndi kontilakita, ndiye kukolola kukatha palibe amene amam'dziwa. Kuseri kwa botolo amalemba za agogo awo amene anabzala mitengo yoyamba, za dothi, za mphepo ya kumapiri. Za amene anatema zala ndi sizasi palibe ngakhale mzere umodzi.

Ndikumvetsa kuti famu yaing'ono imavutika. Boma litaletsa kugulitsa mowa mu 2020 chifukwa cha Covid, ambiri anatsala pang'ono kutseka, ndipo masupamaketi amawapanikiza pamitengo. Koma botolo likasweka m'galimoto chifukwa cha maenje a m'misewu ya mzinda uno, amandidula pamalipiro, pa mtengo wa pashelefu. Lesitilanti ikabweza vinyo woonongeka, funso loyamba limabwera kwa ine. Phindu likabwera ndi la banja lenileni, lija la dzina pa botolo.

Lamulo la kuno linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndipo CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, imamva dandaulo la wantchito ngakhale mapepala ake asali bwino. Ambiri a ife timaopa kufikako, mabwana amadziwanso kuti timaopa. Ine Lolemba ndikubweza makatoni aja osatsegula, ndikawauza kuti: "Bwana, ndipatseni kontilakiti yolemba, ndi ndalama zimene mwakhala mukundidula." Akakana, ndikupita ku CCMA.