Fuliji yafika ku Salima, penshoni yatsala ku Joni

Disembala akafika, pa Kamuzu Road pamatsika mafuliji, mawailesi ndi zikwama zochokera ku Joni. Koma mufunseni mwini katunduyo nambala yake ya penshoni, angokuyang'anani. Zaka eyiti munthu akulondera ku Germiston, mwezi ndi mwezi akumudula ya provident fund, n'kubwera kumudzi wopanda ndi kapepala komwe. Zimawawa, abale anga.

Lamulo kumeneko linasintha pa 1 Seputembala 2024. Zomwe mukusonkha tsopano amaziika m'miphika iwiri: gawo limodzi mwa magawo atatu limapita mumphika wotapamo, magawo awiri amawatsekera mpaka mudzapume pantchito. Kale ukasiya ntchito unkakolola zonse. Lero posiya ntchito mutenga zomwe munasonkha lamuloli lisanasinthe ndi za mumphika wotapamo basi. Zotsekeredwazo, ngati mwabwerera kumudzi musanakalambe, njira yodziwika ndi kudikira zaka zitatu zathunthu bungwe lotolera misonkho la SARS litakuchotsani pa anthu okhala m'dzikomo, ndipo kuchotsedwako sikuchitika kokha mukangodutsa pa Beitbridge, muyenera kuwauza.

Mphika wotapamowo ndiye wapusitsa ambiri. Mumatapa kamodzi pachaka cha msonkho, chomwe chimayamba 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, ndipo osachepera R2,000. Ndalamayo amaiwerenga ngati malipiro. Ngati malipiro anu amadulidwa kale msonkho, 18 peresenti kapena kuposa apo yapita, a fund adulaponso yawo, ndipo ngati muli ndi ngongole ku SARS amayamba adzilipira okha. Munthu wauza kale mkazi wake ku Khombedza kuti akagule malata makumi atatu, ikafika ndi ya makumi awiri, mkangano pa foni. Wopanda nambala ya msonkho ndiye sapatsidwa n'komwe.

UIF nayo, thumba lothandiza munthu ntchito ikatha: 1 peresenti yanu, 1 peresenti ya bwana, ngakhale wantchito zam'nyumba kapena zam'gadeni bola akugwira maola 24 pamwezi. Mabwana ena amadula koma osakulembetsani, mumadzazindikira ntchito itatha. Musachoke pakhomo pawo opanda fomu ya UI-19, yomwe bwana amalembapo za ntchito yanu ndi kutha kwake, ndipo kafunseni ndalamayo miyezi 12 isanathe, mudakali konko. Kuyendetsa zimenezi muli ku Chipoka n'kudzivutitsa.

Chowawa kwambiri ndi cha amene analowa ntchito ndi chiphaso cha munthu wina. Ndalama yonseyo ili m'dzina la mwini chiphasoyo. Ngakhale chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa pasipoti ndi payslip, ndalama imaima mpaka mukonzetse.

Musanakwere basi tengani IRP5 (kalata yosonyeza malipiro ndi msonkho womwe anakudulani) ya chaka chilichonse, dzina la fund ndi nambala yanu ya umembala, ndipo akaunti ya banki musaitseke, poti ndalama zimalowera mmenemo. Amene munabwera kale, bungwe la FSCA, loyang'anira makampani azachuma ku Joni, lili ndi pofufuzira ndalama zosatengedwa pa intaneti, ndipo Pension Funds Adjudicator amamva madandaulo ngati bwana ankadula osapereka. Zonse ziwirizi ndi zaulere, ndiye madobadoba akukuuzani kuti muyambe mwawatumizira kenakake pa foni aja akufuna kukudyerani.