Kukhala pakhomo si ulova

Anzanga, pali nkhani yomwe yakhala ikundilemera pamtima, ndipo lero ndati ndiitule pano, mwina wina amene akudutsa m'zomwezi atolapo kanthu.

Ine ndimasunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono. Wina ali ndi shopu ya simenti ndi malata, wina sukulu ya mkaka, wina malole awiri onyamula katundu. Amandibweretsera malisiti, ine n'kuwalongosola, kuwerengera malipiro a antchito awo ndi kukonza za msonkho. Ofesi yanga ndi katebulo ka pakona m'chipinda chogona, kuno ku Area 25 ku Lilongwe. Ndinayamba mu Epulo 2020, mwezi womwe matenda a COVID-19 anapezeka koyamba m'dziko muno. Mukukumbukira kuti boma linalengeza zoti tonse tibindikire masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, khoti n'kuimitsa zimenezo. Misika inapitirira, maminibasi anapitiriza kuyenda, koma maofesi ambiri anayamba kusinthanitsa antchito, ndipo ife a mapepala anati tizigwirira kunyumba. Anzanga atabwerera ku ofesi, ine ndinasankha kudziimira pandekha, ndipo katebulo kaja ndikadali nako mpaka lero.

Masiku oyambirira ndinasangalala kwambiri. Zodzuka m'bandakucha kukalimbirana minibasi zinatha, zofika pakhomo ana atagona kale zinathanso. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope anga sanali ulesi. Ngakhale magetsi, omwe tonse timadandaula nawo, sanali vuto lalikulu kuposa onse. Chomwe chinandisautsa ndi chakuti kwathu kuno munthu amene ali pakhomo masana amaonedwa kuti ali ndi mpata.

Aneba akupita kuchipatala, akusiyirani mwana. Ena akusiyirani makiyi kuti mupatse m'bale wawo akabwera. Bambo a kunyumba akuimba foni kuti wokonza mpope afika, poti muli pomwepo mumuyang'anire. Amayi a kumpingo adutsa kuti tikazonde wodwala. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene ali ndi mtima woipa, ndipo chilichonse pachokha n'chaching'ono. Koma ntchito ya manambala simafuna kudukizadukiza. Ndikamafananiza sitetimenti ya kubanki ndi malisiti, chala chimakhala pa mzere wa papepala, maso ali pa Excel. Wina akati odi, ndikabwerera sindidziwanso ngati lisiti lija ndinalilowetsa kale kapena ayi, ndiye ndiyambirenso tsamba lonse.

Mwezi wina ndinadumpha dzina la mlonda pa ndandanda wa malipiro. Tsiku limenelo ndinadzuka pampando kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Bambo aja analandira ndalama zawo patapita masiku atatu, ali ndi lendi yoti alipire ndi ana oti adye. Ndinawapepesa, iwo anandikhululukira, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kulephera kwanga kunena kuti "pakadali pano sindingathe" kukupweteka anthu ena omwe sakuoneka pakhomo panga.

Ndinafufuza malangizo pa intaneti ngati mmene aliyense angachitire. Ambiri mwa malangizowo analembedwa ndi anthu omwe pakhomo pawo safika munthu asanaimbe foni. Amakuuzani kuti tsekani chitseko, valani zam'makutu, ikani pulogalamu yakutiyakuti pa foni. Kwathu odi safuna kupangana tsiku, ndipo ine sindikufuna kuti zimenezo zithe. Aneba omwe amandisiyira mwana ndi omwewo anathamanga nane usiku mwana wanga atatentha thupi. Sindingawatsekere chitseko ngati akuba. Ndinkafuna njira yoti ntchito iyende popanda kudula ubale.

Amene anandiphunzitsa njirayo ndi apongozi anga aakazi.

Anafika kuchokera ku Mponela tsiku lina pa 13, atasenza kathumba ka mtedza, nkhuku yamoyo ili m'khwapa. Amene mumadziwa za msonkho mukumvetsa kale tanthauzo la deti limeneli: msonkho wa PAYE, womwe umadulidwa pa malipiro a antchito, umayenera kufika ku bungwe lotolera msonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo ine ndinali ndisanamalize wa makasitomala awiri. Ndinawalandira katundu, ndinawayalira mkeka pakhonde, ndinagwada n'kuwalonjera. Tinafunsana za kumudzi, za mvula, za amene akudwala. Ndinawaphikira tiyi. Mtima unkagunda chifukwa ndinkadziwa kuti mwambo wake ndi woti ndikhale nawo pansi, nkhuku ija ndiiphe, nsima ipse. Koma ndinakumbukira mlonda uja. Ndinagwadanso n'kunena kuti, "Amayi, mundikhululukire. Ngakhale mukundiona pakhomo pano, ndili kuntchito mpaka 4 koloko. Mawa ndi tsiku lomaliza lopereka msonkho wa anthu omwe ndimawagwirira ntchito, ndikachedwa alipira chindapusa."

Anakhala kaye chete. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye ntchito yakeyo ili m'kachipindamo?" Ndinawatenga n'kukawaonetsa. Anaona mulu wa malisiti omangidwa ndi mphira, anaona mayina a antchito atandandalikidwa pa laputopu, aliyense ndi ndalama zake. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ooo, ndiye kuti kumunda kwanu n'kuno. Pitani mukalime, mwana wanga, nkhukuyi ndiona ndine." Masana onse anakhala pakhonde akusenda mtedza, ndipo aliyense amene anati odi ankamuyankha okha kuti, "Ali kuntchito, mubwere madzulo."

Mawu a munda aja sanandichoke m'mutu. Kumudzi palibe amene amatsata munthu kumunda nthawi yopalira kuti akacheze. Amamudikira aweruke, chifukwa aliyense akuona khasu lili paphewa. Ntchito yathu ya pa kompyuta ilibe khasu. Munthu akakuonani mwakhala pansi, mwavala chitenje ndi patapata, maso ali pa galasi, kwa iye mukuonera kanema. Maganizo anga ndi akuti ambiri a ife timakwiyira abale athu chifukwa chosalemekeza ntchito yomwe sitinawaonetsepo. Timang'ung'udza mumtima, pakamwa tikuti "palibe vuto".

Kuchokera tsiku limenelo ndinasintha zinthu zingapo. M'mawa ndimasamba ndi kuvala ngati wopita ku tauni, nsapato ndi zomwe. Zikuoneka zazing'ono, koma aneba akandiona choncho amafunsa okha kuti, "Mwayamba kale ntchito?" Ndinayenda nyumba ndi nyumba kwa omwe timagwirizana kwambiri n'kuwauza maola anga: 8 koloko mpaka 12 koloko sindipezeka, pokhapokha ngati pali matenda kapena ngozi, kuyambira 12 mpaka 2 koloko ndili pakhonde, makiyi siyani, nkhani bweretsani. Palibe amene anakhumudwa kwa nthawi yaitali. Chomwe anthu amadana nacho ndi kukanidwa popanda kuuzidwa kuti abwere liti. Mukanena nthawi, isungeni. Mukati mubwere 12 koloko, akabwera akupezeni mwatseka laputopu, foni mwaiika pambali.

Za magetsi ndinene mwachidule, chifukwa tonse tikuzidziwa. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga ku Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130, ndipo chaka chimenecho tinakhala mumdima maola ambirimbiri. M'pamene ndinaphunzira kugawa ntchito pawiri. Pali ntchito zofuna magetsi ndi netiweki, monga kutumiza mafomu pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, kutumiza maimelo ndi misonkhano ya pa Zoom. Pali zina zofuna maso ndi bolopeni basi: kusanja malisiti potsata madeti, kulemba manambala kumbuyo kwake, kuimbira kasitomala kuti invoyisi yakutiyakuti ikusowa. Magetsi akayaka sindiyamba n'kusanja mapepala, ndimathamangira zofuna magetsi, uku laputopu, foni ndi power bank zili pa chaja. Akathima ndimatsegula makatani n'kutenga mulu wa malisiti. Ndipo chilichonse chomwe ndamaliza ndimachisunga pa intaneti, pa Google Drive, nthawi yomweyo, osadikira madzulo.

Chida changa chachikulu si pulogalamu ya pa foni. Ndi kope wamba la ana asukulu. Madzulo ndisanatseke ntchito ndimalembamo zinthu zitatu zoti mawa zithe zivute zitani, ndi mzere womwe ndalekezera. Zitatu basi. Kale ndinkalemba khumi ndi ziwiri, n'kumagwira apa pang'ono apo pang'ono, dzuwa n'kulowa palibe chomwe chatha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Patsamba loyamba la mwezi uliwonse ndimazunguliza madeti omwe sasuntha: pa 14 PAYE, pa 25 VAT, kumapeto kwa mwezi malipiro. Kalendala yomweyo ndinaipachikanso pabalaza kuti onse a m'nyumba aziona masiku omwe amayi sagwirika. Mwana wanga wamkulu tsopano amandikumbutsa yekha.

WhatsApp ndiye imandivuta mpaka lero, chifukwa makasitomala amatumiza zithunzi za malisiti pomwepo, pomwenso pali gulu la kumpingo, la banki mkhonde, la makolo akusukulu ndi la akubanja. Ndikalowa kukatenga lisiti limodzi ndimapezeka ndikuwerenga zokonzekera chinkhoswe. Ndinagula kafoni kena kotsika mtengo ka ntchito yokha, ndipo ya magulu imagona m'kabati mpaka masana.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindiika pa ndandanda: maliro. Zovuta zikagwa pamudzi pathu, ndimatseka zonse, ndimamanga chitenje n'kupita kusiwa. Makasitomala ndimawauza zoona, ndipo sanandikanepo, chifukwa nawonso ndi anthu. Koma kuti ndithe kutero ndi mtima wokhazikika, ndimayesetsa kumaliza ntchito ya msonkho masiku awiri deti lisanakwane. Masiku awiri amenewo sindiwaona ngati opuma. Ndi omwe ndimasungira zogwa mwadzidzidzi, zomwe kwathu kuno sizilephera kugwa.

Tsopano ndilankhule ndi abambo, mwaulemu ndithu. Ndaona abambo omwe amagwirira ntchito kunyumba: ana amauzidwa kuti asasokose, tiyi amawapititsira pathebulo, mlendo akabwera amauzidwa kuti adikire. Zimenezo n'zabwino, ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma mayi akamagwira ntchito yomweyo, m'nyumba yomweyo, anthu amayembekezabe kuti mbaula ayatsa ndi iye, ndiwo akagula ndi iye, zovala akazanula ndi iye mvula ikayamba. Ndalama zomwe amapeza zimagula mayunitsi a magetsi ndi kulipira fizi mofanana ndi zanu. Ine ndi bambo a ana tinakhala pansi, ndipo sinali nkhani ya tsiku limodzi. Tinagwirizana kuti wokonza mpope azibwera Loweruka, ana akaweruka amatengedwa ndi wa kabaza yemwe timamudalira, ndipo masiku a msonkho ndiwo amagula iwo pobwera kuchokera kuntchito. Ngati akazi anu amagwirira ntchito pakhomo, afunseni lero kuti ndi maola ati omwe safuna kusokonezedwa, ndipo inuyo mukhale woyamba kuwasunga. Achibale anu adzatengera kwa inu.

Mbali ina yomwe ndinachedwa kuiona ndi ya kuweruka. Wa ku ofesi amatseka chitseko n'kukwera minibasi, ntchito n'kutsala kumbuyo. Ine ofesi ili pafupi ndi bedi. Makasitomala ankaimba 9 koloko usiku, ngakhale Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, poti akudziwa kuti mabuku ali m'nyumba momwemo. Ndipo ine ndinkayankha, poopa kuti andithawa. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anabwera ndi kope lake kuti ndimuthandize masamu, ine n'kumuuza kuti dikira pang'ono. Nditatembenuka ndinamupeza atagona pansi, pensulo ili m'manja. Ndinasiya ntchito ya ku tauni kuti ndizikhala pafupi ndi ana amenewa, koma usiku umenewo ndinali kutali nawo kuposa kale.

M'mawa mwake ndinalembera makasitomala onse uthenga umodzi: ndimagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko mpaka 5 koloko, uthenga wobwera usiku ndidzayankha m'mawa. Mmodzi anadandaula, patapita sabata anazolowera. Ikakwana 5 koloko ndimalemba zitatu za mawa m'kope muja, ndimamanga malisiti ndi mphira, laputopu ndimaiika m'chikwama, katebulo n'kukafunditsa chitenje. Ndimavula nsapato zija n'kutuluka pakhonde, pomwe nthawi zambiri ndimapeza aneba atafika kale ndi nkhani zomwe anazisunga kuyambira m'mawa.