Supra yakale kapena yatsopano, onse aiwala petulo ndi maenje

Zikutopetsa kumva anyamata ku Donnybrook, bwalo la mipikisano ya magalimoto ku Harare, akukangana za Toyota Supra, wina akukuwa kuti Supra yakale ya 1993, yotchedwa MK4, ndiye yeniyeni, mnzake akuti ya 2019 ndi BMW yovala malaya a Toyota. Inde, injini ya yatsopanoyo ndi B58 ya BMW, nanga ndiye kuti chiyani? Palibe amene akutchula petulo wathu wa kuno ku Harare wosakaniza ndi ethanol. Mapaipi a rabala ndi ma seal a ma injector a MK4 apitirira zaka 20, ethanol amawaumitsa mpaka kung'aluka, petulo n'kumadontha pa injini yotentha. Abale, yambani mwasintha mapaipiwo, sefa ya petulo ndi timing belt ya injini yake ya 2JZ, zodzitama ndi ma turbo zibwere pambuyo.

Yatsopanoyo nayonso ili ndi zake. Matayala opyapyala pa rimu ya mainchesi 19, dzenje limodzi pa Seke Road basi rimu yapindika, tayala latupa chotupa m'mbali ngati dzira. Ikayatsa nyali ya injini, makaniko wa ku Gazaland, malo a amakaniko ku Highfield, sangaichite kanthu ndi sipanala, mpaka papezeke kompyuta yowerenga za BMW.