Mvula ikagunda malata ndimaopabe

Ndinene poyera, abale anga mwa Khristu. Mvula ikayamba kugunda malata usiku, tulo timandithawa. Zinayamba mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe. Kutacha ndinaona anyamata akukumba matope ndi makasu, ena ndi manja enieni, kufunafuna abale awo. M'dziko muno tinataya anthu oposa 1,000.

Tsiku lina nditafotokoza za mantha angawa pa mapemphero a m'mudzi, mayi wina anandiyankha kuti, "Achimwene, Mkhristu saopa. Kumeneko ndi kuchepa chikhulupiriro." Sananene mwa chipongwe ayi, koma mawu aja anandilasa mumtima. Ndinabwerera kunyumba nditasenza akatundu awiri, mantha ndi manyazi.

Ine sindigwirizana nawo. Tsegulani Maliko 4. Ena mwa ophunzira amene anali ndi Yesu m'ngalawa pamene namondwe anauka anali asodzi, anthu okulira panyanja ya Galileya, koma madzi atayamba kudzaza ngalawa anagwidwa nthumanzi. Yesu ali mtulo kumbuyo, mutu uli pa mtsamiro. Anamudzutsa mokuwa, mpaka kumufunsa ngati sizikumukhudza kuti iwo akufa. Pemphero lopanda ulemu ndithu! Inde, anawafunsa za chikhulupiriro chawo, sindikubisa. Koma taonani kuti anayamba wadzudzula kaye mphepo, nyanja n'kuchita bata, funso n'kubwera pambuyo. Ife timathamangira funsolo mnzathu madzi ali m'khosi.

Davide naye, Afilisiti atamugwira ku Gati, sananene kuti saopa. Pa Salimo 56 akuvomera kuti tsiku la mantha limafika, ndipo tsiku lomwelo ndi limene amatsamira pa Mulungu.

Mafunso ndili nawobe. Amene anakwiririka usiku uja ambiri anali opemphera kuposa ine, ndipo ndimakana ndithu munthu akamati ife tinapulumuka chifukwa cha chikhulupiriro chathu. Kunena zotero n'kuponda pa bala la ofedwa.

Masiku ano a zanyengo akachenjeza pa wailesi, ndimaika tochi ndi nsapato za ana pafupi ndi chitseko. Kenako ndimagwada, mawondo akunjenjemera, n'kunena kuti, "Ambuye, ndayambanso kuopa. Dzukani." Nthawi zina mtima umakhala pansi. Nthawi zina ndimachezera usiku wonse ndikubwereza mawu omwewo mpaka tambala woyamba kulira.