Miyezi 8 ndikupanga app ya masewero athu a Loweruka, lero ndinene zomwe zili kumtima

Anzanga angapo mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti kodi app ija munkanena ija ili pati, ndiye ndati ndingolemba pano kamodzi aliyense awerenge. App ilipo koma si ija ndinkalota ija. Ndipo ndafika poona kuti ine ndi makampani akuluakulu aku America tinapunthwa pa chitsa chimodzi, kufuna kulowetsa masewero onse mufoni.

Kwa amene simukudziwa zomwe ndikunena, Loweruka lililonse masana timakumana anthu 6 pakhonde kwathu kuno ku Dedza boma, pena mnyumba kukakhala chisanu cha June chija, kusewera Dungeons & Dragons. Masewerowa anatuluka 1974 ku America, anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Si ngati bawo kuti pali wodya ndi wodyedwa ayi. Munthu mmodzi, timamuti DM, amakhala ngati agogo pa nthano akuti padangokhala, kungoti enafe sitimangoyankha tili tonse, aliyense ali ndi munthu wake munkhanimo ndipo amanena yekha chomwe akufuna kuchita. Ukati ndidumpha mtsinjewu DM akuti ponya dayisi, ya mbali 20 ija, nambala ikachepa wagwera m'madzi basi nkhani yakhotera kwina. Munthu wakoyo amakhala papepala, character sheet, pomwe pali mphamvu zake, zida zake, HP yake (nambala ya moyo womwe watsala nawo) ndi zina zotero.

Mapepala amenewa ndi omwe anandiyambitsa. Lina linanyowa ndi mvula mnzathu akuchokera ku Bembeke panjinga, munthu wa miyezi yambiri kufufutika choncho. Madayisi nawo tili ndi seti imodzi yokha imene alamu anga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, tisanaipeze tinkalemba manambala 1 mpaka 20 pa zitsekerero za mabotolo nkumatola mu jumbo. Ndiye ndinati poti coding ndimaidziwa, ndipange app yosunga mapepalawa, yoponya madayisi, yowerengera chilichonse, ya mapu, ya malamulo onse, yolumikiza mafoni athu onse pamodzi. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya miyezi iwiri.

Khoma loyamba linali malamulo. Munthu ukamasewera umaona ngati ndi ophweka chifukwa mutu wako umakonza wokha pomwe pakhota, koma kompyuta imafuna uiuze chilichonse. Tengani AC, nambala yomwe mdani ayenera kufika kuti akumenye. Ukakhala wopanda chovala chankhondo ndi 10 kuphatikiza modifier ya Dexterity, changu cha munthu wako. Chabwino. Koma zimatengera class, mtundu wa munthu wako: barbarian amawonjezera Constitution (kulimba thupi), monk amawonjezera Wisdom (nzeru), barbarian akanyamula chishango amapeza 2 wina koma monk akangochinyamula lamulo lake lija lafa, wina akamuponyera spell yoteteza yotchedwa Mage Armor poyambira pasintha pakhala 13, ndipo njira zimenezi siziphatikizidwa, umasankha imodzi. Iyi ndi nambala imodzi yokha papepala. Masewerowa anamangidwa kuti lamulo laling'ono la chinthu chimodzi lizigonjetsa lamulo lalikulu la onse, ndiye code yako imadzaza ndi ma if mpaka ukakonza apa pathyoka apo. Panalinso kachirombo kena kamene kanatidya masabata atatu tisakudziwa. Modifier, nambala yomwe umawonjezera pa dayisi kapena pa AC, umaipeza pochotsa 10 pa score, monga ya Dexterity ija, nkugawa ndi 2, zotsala umatsitsira pansi, ndiye score ya 9 imayenera kupereka -1. Koma Kotlin, chilankhulo cha coding chomwe ndinalembera app, ikamagawa manambala athunthu imadulira ku 0, ndiye app imapereka 0. Anagwira zimenezi ndi mtsikana wina wa Form 3 pagulu lathu amene amawerengetsabe pamanja, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero.

Ndiye pali malamulo athu apakhomo. Gulu lililonse padziko lapansi limasintha malamulo, ife tili ndi napolo munkhani yathu, tili ndi afisi oyankhula, tili ndi phiri lofanana ndi la Dedza lomwe lili ndi mapanga ojambulidwa ngati aku Chongoni. DM wathu akhoza kunena pompo kuti lero poti kuli nkhungu aliyense aponye madayisi awiri atenge yaing'ono. Pakamwa zimatenga masekondi atatu. Mu app ndi usiku wonse wa ine kukhala pa laputopu magetsi akakhalapo.

Poyamba ndinkadziona ngati vuto ndi ine, mwina sindidziwa ntchito. Koma tayang'anani eni ake a masewerowa, Wizards of the Coast, amene ali pansi pa Hasbro, anthu a ndalama zawo. Mu 2008 potulutsa edition ya 4 analonjeza D&D Insider yokhala ndi tebulo la 3D loti anthu azisewerera pa intaneti, tebulo lija silinatuluke momwe anaonetsera. Character Builder yawo, pulogalamu yopangira pepala la munthu wako, inali yabwino ndithu, koma mu 2010 anaisamutsira pa intaneti pogwiritsa ntchito Silverlight ya Microsoft, teknoloje yomwe inadzafa, ndipo pamapeto zonse anadzatseka. Mu 2014 pa edition ya 5 anagwirizana ndi Trapdoor Technologies kupanga app yotchedwa DungeonScape, mgwirizano unatha chaka chomwecho app isanafike pamsika, anyamata aja anayesa kutolera ndalama pa Kickstarter koma sizinakwane. D&D Beyond, app yosunga mapepala ndi malamulo yomwe inatheka mu 2017, anapanga ndi a kampani ina, Curse, ndipo Hasbro anachita kudzaigula mu 2022 pa madola 146.3 miliyoni. Kenako anabwereranso ku loto la 3D lija ndi Sigil, yomangidwa pa Unreal Engine 5, inatuluka February 2025, pofika March anthu ambiri amene ankaipanga anali atachotsedwa ntchito. Ine ndikamaona mndandanda umenewu ndimamva chisoni ndi anthu ogwira ntchitowo, chifukwa ndikudziwa mausiku omwe anagona mochedwa. Koma ndimaonanso kuti zomwe zinakhalitsa ndi zosunga pepala ndi zofufuzira malamulo, pomwe zofuna kusandutsa tebulo kukhala video game ndi zomwe zimagwa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, akulu sananame.

Vuto lina ndi loti ukulima m'munda wa eni. Malamulo omwe aliyense angagwiritse ntchito mwaulere ali mu chikalata chotchedwa SRD, ndipo mu SRD 5.1 muli subclass (nthambi ya class) imodzi yokha pa class iliyonse, background (mbiri ya munthu wako) imodzi, feat (luso lapadera) imodzi. Zina zonse ndi za eni ake. Ndiye mnzako akubwera kuti ine ndikufuna munthu wanga akhale wakutiwakuti ndinaona pa YouTube, iwe sungaike mu app yogawira anthu. Ndipo mundawo mwini wake akhoza kusuntha malire. Open Game License, layisensi yolola ena kugwiritsa ntchito malamulowa, inalipo kuyambira 2000, anthu anamangapo mabizinesi, masewero ena otchedwa Pathfinder a kampani ya Paizo anabadwira pamenepo mu 2009. Mu January 2023 kunatuluka chikalata chomwe ankakonza mobisa chofuna kuthetsa layisensi yakale ija nkumatenga 25 peresenti kwa opeza ndalama zopitirira madola 750,000 pachaka. Anthu anakwiya kwambiri, ambiri analeka kulipira D&D Beyond, mwezi usanathe kampani inabwerera m'mbuyo nkuika SRD 5.1 pansi pa layisensi yaulere ya Creative Commons, komwe sangadzailandenso. Zinatha bwino inde, ndipo ndi chifukwa chake ine ndili ndi ufulu womasulira malamulowo m'Chichewa. Koma mu 2024 anatulutsanso malamulo okonzedwanso, ndiye aliyense wopanga app anayenera kusunga mitundu iwiri ya spell imodzimodzi. Iwe uli wekha, ukugwira ntchito ina masana, ukuthamangitsa kampani ngati Wizards of the Coast.

Za Chichewa ndiye ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi zomwe zimandikhudza kwambiri. Mu Chingelezi umalemba chiganizo chimodzi nkusiya mpata wa dzina la chida, basi zatheka. Ife timati lupanga lako lathyoka, mkondo wako wathyoka, chishango chako chathyoka, nkhwangwa yako yathyoka, mivi yako yatha, zida zako zatha. Dzina lililonse limakoka mawu ena onse, ndiye chida chilichonse mu database ndinayenera kuchipatsa gulu lake kuti chiganizo chituluke ngati cha munthu. Zimenezo zinatheka ndipo ndimanyadira. Cholemera ndi mawu ngati wizard, warlock, sorcerer, spell. Ukangolemba mfiti kapena matsenga pa sikirini ya foni ya mwana wasukulu, mayi ake nkuona, nkhani yake si yamasewera kuno kwathu, tonse tikudziwa zomwe mawu amenewa achitira agogo ena m'midzimu. Ngakhale ku America komweko m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina analimbana nawo masewerowa powaganizira zausatana. Pakamwa DM amadziwa amene akumvetsera, amasankha mawu, amafotokoza kuti iyi ndi nthano ngati za kalulu. Sikirini siidziwa amene akuyang'ana. Mpaka pano mawu amenewo ndawasiya m'Chingelezi ndipo mtima wanga sunakhazikike nazo.

Za netiweki sindichulukitsa, mukuzidziwa. Kuno pafupi ndi malire foni pena imangolumphira netiweki ya ku Mozambique, bandulo ndi ndalama, mafoni ena pagulu lathu ndi a RAM ya 1GB, seva yolipira ndi madola pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Kulumikiza mafoni 6 pa hotspot kuti onse aziona HP imodzi nthawi imodzi kunandidyera miyezi iwiri, foni imodzi ikagona basi manambala asiyana mkangano wayamba.

Koma chimene chinanditembenuza mtima si zonsezi. Linali Loweruka lina mu July, app itafika poti ikugwira bwino, aliyense ali ndi mabatani ake, Attack, Dodge, Dash, Hide. DM anafotokoza kuti napolo akutsika phiri, madzi ndi miyala zikubwera, mmunsi muli mudzi anthu ali mtulo, mutani? Kale funso limeneli likagwa pakhonde pamakhala phokoso, wina ndiliza ng'oma, wina ndimasula ng'ombe m'khola zithawe zidzutse anthu, wina ndikalankhula naye napoloyo ndimve chomwe chamukwiyitsa. Tsiku limenelo kunali zii, mitu yonse pansi, zala zikuyenda pa sikirini. Kenako mnyamata wina amene ndimamudziwa kuti ndi wa nzeru zothamanga anadzutsa mutu nkunena kuti ndimafuna ndikuwe kuti anthu adzuke koma palibe batani lake. Zinandiwawa kwambiri. Palibe amene anamuletsa kukuwa, koma chinthu chimene ndinapanga ndi manja anga chinamuphunzitsa kuti zomwe angachite ndi zinayi zomwe zili pagalasi. Kuwonjezera apo foni ikakhala m'manja WhatsApp nayo ili pomwepo, uthenga ukalowa munthu watuluka munkhani.

Sindikunena kuti zida za pa intaneti ndi zachabe, ayi. Mnzathu wina anasamukira ku Mzuzu ndipo popanda intaneti sakanasewera nafenso. Pa matebulo apakompyuta osewerera muli kutali, Roll20 ilipo kuyambira 2012, Fantasy Grounds ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo nthawi ya Covid mu 2020 zinasunga magulu ambiri omwe akanatha. Foundry, tebulo lina lapakompyuta, ndimailemekeza chifukwa umalipira kamodzi nkuiika pa kompyuta yako, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene atalikirana akufunika tebulo lapakompyuta chifukwa alibe lina. Koma ife amene tikukhala pa mkeka umodzi, tikugawana chipisi cha pachiwaya mbale imodzi, tebulo tili nalo kale. Chomwe timasowa ndi wotinyamulira katundu, osati wina wodzakamba nthano m'malo mwathu. Ndipo ndikuganiza kuti opanga ma app ambiri amasokoneza ziwirizi chifukwa chinthu chaching'ono chosafuna intaneti nchovuta kulipiritsa mwezi ndi mwezi.

Ndiye ndinachotsa. Mapu ndinachotsa, kulumikiza mafoni ndinachotsa, mabatani a zochita ndinachotsa onse, ntchito ya miyezi isanu. Chatsala ndi pepala la munthu wako loti bokosi lililonse ukhoza kulembamo wekha nambala yomwe DM wanena app osakutsutsa, madayisi a amene alibe, ndi pofufuzira malamulo a mu SRD omwe ndamasulira pafupifupi theka. Siifuna data, siifuna akaunti, pepala lako umatha kulitumiza ngati fayilo kapena kukalisindikiza. Patebulo tinagwirizana kuti mafoni azikhala chafufumimba mpaka DM atati ponya. Madayisi enieni aja tikuwagwiritsabe ntchito pa nthawi zikuluzikulu, chifukwa foni ikapereka 1 anthu amaikayikira koma dayisi ikagubuduka pamaso pa onse palibe amatsutsa.

Kuti ifike pa Play Store akaunti yake ndi madola 25 kamodzi, ndipo akaunti yatsopano imafuna anthu 12 oti ayese app kwa masiku 14 isanatuluke. Ife tilipo 6. Ndiye ngati muli ku Dedza, Linthipe, Lizulu, Ntcheu kapena kulikonse ndipo muli ndi foni ya Android ngakhale yakale, makamaka yakaleyo, ndilembereni ndikutumizireni APK, fayilo yoikira app pafoni. Aphunzitsi a Chichewa ndikukufunani kwambiri pa nkhani ya mawu aja, wizard timutche ndani kuti kholo likaona lisadzidzimuke. Loweruka lino tikuyamba 2 koloko, napolo uja sitinathane naye, mudzi udakali mtulo. Mubwere ndi juzi.