Amalume Alawa Vinyo ku Franschhoek

(Mnyamata wina wa ku Dowa amagwira ntchito pa famu ya mphesa ku Franschhoek, katauni ka m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, pamtunda wa makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Cape Town. Amalume ake, omwe ndi mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, abwera kudzamuona. Ndi mwezi wa Ogasiti, kunja kukuzizira, ndipo awiriwa akhala pansi m'lesitilanti ya pa famu ina.)

AMALUME: Mphwanga, ndisanakhudze kanthu pa tebulo pano undiuze zoona, pakuti mayi ako anandituma kuti ndidzaone ndi maso anga. Kodi kuntchito kwanuko malipiro mukulandira? Minda yonse imene tadutsa kuchokera ku Stellenbosch yauma, palibe ndi tsamba limodzi lomwe, ndipo ine ndine mlimi, munda umene wagwetsa mwini wake ndimauzindikira ndili patali.

MPHWAWO: Sinaume, amalume. Mphesa zimayoyola masamba m'nyengo yozizira, ndipo ino ndiyo nthawi imene timadulira nthambi zake. Kuno mvula yambiri imagwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, masamba amaphuka mu Seputembala, ndipo kukolola kumafika pachimake mu Febuluwale ndi Malichi.

AMALUME: Mvula ya mu Julayi! Kumene mvula yasokonekera chotere sindikuyembekeza kuti kukhitchini kungakhale kolongosoka. Nanga n'chifukwa chiyani zikwangwani za mafamu zalembedwa mayina oti lilime la munthu silingathe kutchula?

MPHWAWO: Mayina monga La Motte ndi La Provence ndi a Chifalansa, chifukwa amene anayamba minda imeneyi anali othawa kwawo ochokera ku France, otchedwa ma Huguenot. Mfumu Louis XIV itathetsa lamulo limene linkawateteza mu 1685, iwo anabalalika, ndipo ena anafika kuno mu 1688, kampani ya Adatchi imene inkalamulira Cape n'kuwagawira malo m'chigwa muno. Ankazunzidwa chifukwa chotsatira chiphunzitso cha John Calvin.

AMALUME: Calvin wake uti? Yemweyu wathuyu?

MPHWAWO: Yemweyo, amalume. Zidzukulu zawo zinakulira mu mpingo wa Dutch Reformed, womwe unatumiza a Murray ndi a Vlok kuti akatsegule mishoni ku Mvera kwathu mu 1889. Sukulu yawo ya abusa, imene inatsegulidwa mu 1859, ili ku Stellenbosch komwe tadutsa kuja.

AMALUME: Taima kaye, usathamange. Ukundiuza kuti anthu amene anakwera mapiri a ku Dowa kudzauza agogo athu kuti masese ndi tchimo anachokera m'dera limene munthu sungaponye mwala osagwera m'munda wa mphesa?

MPHWAWO: Ine ndangonena zaka ndi mayina, amalume, zomasulirazo ndi za akulu a mpingo.

(Pakubwera mtsikana woperekera zakumwa, wovala yunifomu yakuda. Akuyala matambula asanu patsogolo pa aliyense, akuika kachidebe kachitsulo pambali pa aliyense, ndipo akulankhula Chingelezi chothamanga uku akuthira vinyo pang'ono m'tambula yoyamba.)

AMALUME: Umuuze mwanayu mwaulemu kuti ine ndine mkulu wa mpingo ndipo sindimwa. Umuuzenso kuti botolo lake likuoneka kuti latsekeka kukhosi, chifukwa zimene wathirazi zangonyowetsa pansi pa tambula.

MPHWAWO: Muyezo wake ndi womwewo, amalume, chifukwa pano sitinabwere kudzamwa koma kudzalawa. Mumagwira tambula pa kamwendo kake kuti dzanja lisatenthetse vinyo, mumaizunguza pang'ono kuti fungo lituluke, mumalowetsa mphuno n'kununkhiza, kenako mumapsontha pang'ono, n'kuyendetsa m'kamwa monse, n'kulavulira m'kachidebe aka.

AMALUME: Kulavula?

MPHWAWO: Inde, kuti mutu usazungulire musanafike pa tambula yachisanu.

AMALUME: Ndipo zolavulazo timalipira?

MPHWAWO: Timalipira ndithu.

AMALUME: Mphwanga, ine ndakhalapo pa milandu yambiri, koma mlandu uwu ndi wachilendo. Ndikameza ndalakwira mpingo, ndikalavula ndalakwira thukuta la anthu amene anadulira, kupalira ndi kukolola mphesazi, ndipo mmodzi wa anthuwo ndi mwana wa mlongo wanga. Komabe ndikukumbukira kuti mtumwi Paulo analangiza Timoteo kuti azimwa vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake, ndipo ine m'mimba mwanga simunakhazikike chichokereni pa Beitbridge.

MPHWAWO: Dzulo munandiuza kuti ulendo wonse, kuyambira pa Mwanza, kudutsa Tete ndi Harare mpaka Johannesburg, munayenda bwino popanda chovuta.

AMALUME: Sindinafune kukudetsa nkhawa. (Akuzunguza tambula mwamphamvu, vinyo wina akugwera pa nsalu ya tebulo, wotsalayo akumeza.) Ameneyu dzina lake ndani?

MPHWAWO: Ndi Chenin Blanc, mphesa yoyera imene imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse m'dziko muno. Mtsikanayu akuti mukanunkhiza bwino mumva fungo la magwafa ndi maapozi.

AMALUME: Ndiye kuti athiramo magwafa kuti achuluke. Anthu amalonda ndi amodzi kulikonse.

MPHWAWO: Simunathiridwe kanthu, ndi madzi a mphesa okhaokha amene awira. Fungolo limangofanana ndi la zipatsozo, malinga ndi mtundu wa mphesa, dothi ndi kafulidwe kake.

(Tambula yachiwiri ndi yachitatu zikudutsa mofulumira. Kachidebe ka mbali ya amalume n'kouma. Mtsikana uja akuthira vinyo wofiira m'tambula yachinayi n'kufotokozanso.)

MPHWAWO: Uyu ndi Pinotage, ndipo anthu a kuno amamunyadira chifukwa mbewu yake inabadwira konkuno. Pulofesa Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa za ku France, Pinot Noir ndi Cinsaut, mu 1925. Wakhala m'migolo ya matabwa kwa miyezi yambiri, ndipo mtsikanayu akuti muli fungo la maula, la utsi, ndi la fodya pang'ono.

AMALUME: Fodya? Tsopano wafika pa munda wanga. Umufunse kuti ndi fodya wanji.

MPHWAWO: Amalume, amangotanthauza fodya basi.

AMALUME: Kulibe fodya wotchedwa basi. Pali wa bale amene timaumitsa m'zigafa ndi mphepo, pali wa fuluu wa m'mabani, pali wa chikopa amene timafukiza ndi utsi, ndipo aliyense ali ndi fungo lake ndi mtengo wake pa okushoni ku Kanengo. Munthu sangaime pamaso pa mlimi n'kunena kuti fodya, n'kuthera pomwepo. (Akulowetsa mphuno yonse m'tambula, akutsinzina nthawi yaitali.) Uyu ndi wa chikopa, masamba a m'munsi, ndipo anamangidwa asanaume bwino. Komabe ndifunika kutsimikiza, choncho athiremonso.

MPHWAWO: Polawa sawonjezera, amalume.

AMALUME: Ndiye undipatse yakoyo, poti iwe ukungoitaya m'chidebe.

(Chakudya chikufika m'mbale zikuluzikulu zoyera.)

AMALUME: Mbale yaikulu chonchi, chakudya chili pakatikati chokhachokha! Kodi chinacho chagwera m'njira pochokera kukhitchini?

MPHWAWO: Ndi momwe amapakulira kuno, koma mukhuta, chifukwa zimabwera motsatizana. Ichi ndi bobotie, chakudya cha anthu a Cape Malay, amene makolo awo ambiri anabweretsedwa kuno ngati akapolo kuchokera ku zilumba za Indonesia ndi madera ena a kum'mawa. Ndi nyama yogaya yothira zokometsera za kale (curry), pamwamba pake amathirapo mazira osakaniza ndi mkaka n'kuotcha mu uvuni, ndipo amadyera mpunga wachikasu wokhala ndi mphesa zouma.

AMALUME: Nyama yotsekemera, mpunga wotsekemera, ndipo pambali aikapo jamu. Wophikayu anasokoneza chitini cha mchere ndi cha shuga, koma ndimukhululukira chifukwa dzanja lake ndi labwino. Nanga mumphika umu muli chiyani chobiriwirachi?

MPHWAWO: Imeneyi ndi waterblommetjie bredie, nyama ya nkhosa yophikidwa pang'onopang'ono pamodzi ndi mbatata ya kachewere ndi maluwa amene amamera m'madamu ndi m'zithaphwi nyengo ino ya mvula. Muli ndi mwayi, chifukwa mukanabwera mu Disembala simukanawapeza aawisi.

AMALUME: Kwathu anthu a ku Nsanje akayamba kuzula nyika m'madambo, wailesi imalengeza kuti kwagwa njala ndipo boma limatumiza chimanga. Kuno munthu akudya za m'chithaphwi atavala jekete, akulipira ndalama zambiri, n'kumajambulanso chithunzi. (Akulawa, akukhala chete, akupakulanso.) Koma nkhosayi yafewa mpaka fupa likuchoka lokha, ndipo msuzi wake ukuwawasa bwino. Msuzi wotere kuudya ndi foloko n'kuulakwira. Umuuze mwanayu abweretse nsima.

MPHWAWO: Nsima ya kuno amaitcha pap, koma imadyedwa kwambiri cha ku Johannesburg ndi kumpoto. Kuno ku Cape anthu anazolowera buledi ndi mpunga. Ndafunsa kale, ndipo akuti ali nayo yapadera.

(Pakubwera kambale kokhala ndi kachidutswa kamodzi ka pap ka ngodya zinayi, kokazingidwa m'mafuta, pamwamba pake pali katsamba.)

AMALUME: Ichi n'chiyani?

MPHWAWO: Ndi nsima ija, amalume.

AMALUME: Nsima ya makona! Nsima yokazinga, yovala tsamba kumutu! Mphwanga, ukadzabwera kumudzi usadzawauze mayi ako kuti ndinaona zimenezi n'kukhala chete. Ndidya chifukwa ufa sutayidwa, koma mtima wanga sunavomereze. Bweretsa tambula yachisanu ija kuti nditsitsire.

MPHWAWO: Yachisanuyo ndi vinyo wotsekemera amene amamwera malva pudding, keke yofewa yokhala ndi jamu wa maapurikoti, imene amaithira msuzi wotentha wa kirimu ndi batala ikangochoka mu uvuni.

AMALUME: Imeneyi ndiye ayi, ndilibe nayo mlandu. Imeneyi akanapita nayo ku Mvera mu 1889, Dowa yense akanatembenuka mtima chaka chomwecho. Ndipo ndikuuze, mphwanga, anthu a m'tauni ino ndawakonda. Amadya mosathamanga, amacheza, mapiri awo ndi okongola, ndipo taona, mapiriwo ayamba kuyenda pang'onopang'ono.

MPHWAWO: Mapiri ali pomwe analili, amalume. N'chifukwa chake pali kachidebe kaja, ndipo n'chifukwa chake alendo ambiri amayendera kasitima ka Wine Tram pochoka pa famu ina kupita pa ina, m'malo moyendetsa galimoto.

(Mtsikana uja akubweretsa bilu m'kabuku kachikopa. Amalume akuvala magalasi, akuwerenga, akuvula magalasi, akuwapukuta, akuwerenganso.)

AMALUME: Nambala ili pansiyi ndi ya foni ya lesitilanti?

MPHWAWO: Ndi ndalama zimene tadyera, m'marandi, ndipo ndilipira ndine. Pamwamba pake timawonjezera kangachepe ka woperekera zakudya, kosachepera 10 peresenti, chifukwa ndiwo mwambo wa kuno ndipo ambiri a iwo amadalira komweko.

AMALUME: Chakhumi? Chakhumi n'cha Mulungu, mphwanga, ndipo ine chaka chino ndinapereka kale nditagulitsa fodya. Mwana ameneyu wachita chiyani choti alandire chakhumi? Vinyo amathira modontheza, fodya sakumudziwa, nsima wabweretsa ya makona. Usamupatse kanthu, ungomuthokoza m'Chingelezi chakocho.

MTSIKANA: (M'Chichewa chomveka bwino, atapinda mawondo pang'ono.) Zikomo kwambiri, bambo, mwatichezera. Ndinakuzindikirani mutangolowa pakhomo, koma pantchito pano satilola kuyamba ndife kucheza ndi alendo. Kumudzi n'kwabwino?

AMALUME: (Akukankhira matambula onse asanu mbali ya mphwawo.) Kodi mwanawe ndiwe wa kwathu?

MTSIKANA: Ndine wa ku Dowa konko, mudzi woyandikana ndi wanu, tsidya lina la dambo. Mayi anga mukuwadziwa bwino, chifukwa ndinu amene munatsogolera bwalo limene linawadula mu mpingo atapezeka ndi chipanda cha masese pa chinkhoswe cha mchemwali wanga.

AMALUME: Mwana wanga, zimene waona pano usazimve molakwa. Ine sindimamwa ayi, ndimangolawa, monga mwa mwambo wa eni dziko, ndiponso pa chifukwa cha m'mimba.

MTSIKANA: Ndamva, bambo. Mayi nawonso anauza bwalo lija kuti ankangolawa ngati mowa wapsa, koma inu munayankha kuti cholowa m'kamwa chikapitirira pakhosi sichitchedwanso kulawa. Kachidebe kanu ndakaona, sikafunika n'kutsuka komwe. Madzulo ano ndiwaimbira mayi pa WhatsApp monga ndimachitira Loweruka lililonse, ndipo adzakondwa kumva kuti ndalandira alendo a kumudzi.

AMALUME: Mphwanga.

MPHWAWO: Wawa, amalume.

AMALUME: Kangachepe kaja unati n'kosachepera 10 peresenti, koma sunanene kuti kali ndi malire kumwamba. Lemba 30, ndipo umufunse mlongo wakoyu ngati mayi ake angapezeke pakhomo sabata ya mawa, chifukwa ndaona kuti mlandu wawo uja tinauweruza mothamanga.